Kodi Nyumba Yakalekale Imafuniranji Ndalama?

Ana inu a ku Kachulu, tsiku lina mukadzakwera galimoto padoko n'kudutsa ku Zomba kulowera ku Blantyre, mudzayang'anitsitse mukafika pa Namaka, m'boma la Chiradzulu. Pali kanyumba pamene ankapumirapo amtengatenga, anthu amene ankayenda wapansi atasenza matumba a makalata. Lero kanyumbako amasungiramo zinthu zakale za positi. Mukadzafika mumzinda wa Blantyre mudzaona nyumba ina yaikulu, yansanjika, ya khonde lozungulira, yotchedwa Mandala House. Kampani ya African Lakes inaimanga mu 1882, choncho yapitirira zaka 140 ili chiimire.

Kumpoto nako, pamwamba pa phiri la Khondowe ku Rumphi, kuli Stone House, nyumba yamiyala ya mu 1903. Munkakhala Dr Robert Laws, mkulu wa mishoni ya Livingstonia. Sukulu imene anatsegula kumeneko mu 1894 inkaphunzitsa aphunzitsi, akalipentala, amisiri omanga nyumba ndi osindikiza mabuku. Mmodzi mwa amene anaphunzira kumeneko ndi Clements Kadalie, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku South Africa. Lero alendo amalowa mu Stone House kukaona zithunzi, makalata ndi zipangizo za masiku amenewo.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga si nyumbazi anamanga kale? Ndalama zikufunikiranso chiyani?"

Zikufunika chifukwa nyumba ili ndi adani amene sagona tulo. Wamkulu ndi madzi. Msomali umodzi ukachita dzimbiri, lata limayamba kudontha. Dontholo limanyowetsa phaso, phaso limawola, ndipo chiswe chimakonda kwambiri mtengo wonyowa. Chimadya mkati, kunja n'kusiya khungu looneka labwinobwino. Ndiye kukabwera mphepo ngati ya namondwe Freddy, amene anagwetsa makalasi ambiri m'chigawo chakumwera mu Marichi 2023, denga lonse limangouluka. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa amadziwa zimenezi: bwato amalimata phula kabowo kadakali kakang'ono, sadikira kuti madzi afike m'mawondo ali pakati pa nyanja kupita ku chilumba cha Chisi.

Madzi ena amachokera pansi. Njerwa imayamwa chinyontho cha m'nthaka, ndipo chinyonthocho chimakwera ndi mchere. Chikauma, mchere umatsala mkati mwa njerwa n'kumaiphwanya pang'onopang'ono. Munaonapo khoma loyera mbuu m'munsi, njerwa zake zikuyoyoka ngakhale palibe wazigogoda? Ndi ntchito ya mchere imeneyo.

Chodabwitsa nachi. Mukhoza kuganiza kuti mankhwala ake ndi kupaka simenti yambiri. Ayi ndithu. Nyumba zambiri zakale anazimanga ndi dothi kapena laimu, zimene zimalola chinyontho kutuluka. Simenti ndi yolimba kwambiri ndipo imatsekera madzi mkati, njerwa zakale n'kumafumbwa kuseri kwake. N'chifukwa chake pamafunika mmisiri wodziwa kamangidwe kakale, ndipo mmisiri wotere salipidwa ndi zikomo yekha.

Tsono ndalamazo zimachoka kuti? Boma lili ndi nthambi yoona za zinthu zakale, komanso lamulo lotchedwa Monuments and Relics Act limene limaletsa kuwononga malo otetezedwa. Lamulo ndi labwino, koma siligula malata. Choncho eni nyumba amafuna nzeru zina. Alendo amalipira kangachepe pakhomo. Ku Mandala House kuli malo omwera tiyi ndi ogulitsira zojambulajambula, ndipo m'chipinda chapamwamba bungwe la Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1946, limasungiramo mabuku ndi zithunzi zakale. Ku Stone House, yomwe ili m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, alendo akhala akulipira kuti agone m'zipinda zina. Njira imeneyi ine ndimaikonda koposa, chifukwa nyumba imene muli anthu tsiku ndi tsiku siidontha mwachinsinsi. Wina amaona dontho m'mawa womwewo n'kukanena.

Njira zina mumazidziwa kale, poti makolo anu amazichita pomanga tchalitchi, mzikiti kapena buloko ya sukulu. Amachita pepala Sande, amayenda ndawala, amaumba njerwa, ena amatuta mchenga ndi madzi. Kuno kwathu nzeru yake ndi kudziwa nthawi yosonkha. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, ndipo mu 2018 inaphweranso mpaka mabwato kutsala pamatope. Chaka chotero sungapemphe msodzi ndalama ya denga ana ake alibe ufa. Msonkhamsonkha uyenera kuchitika matemba ndi makumba zikugwidwa, mpunga utalowa m'matumba. Ndipo wosunga thumba azilemba ndalama iliyonse m'buku n'kumawerenga pagulu, popeza anthu akakayikira kamodzi sabweranso kudzaponya m'mbale.

Inu mulibe ndalama, koma muli ndi maso ndi makutu. Funsani aphunzitsi aakulu kuti buloko yakale kwambiri pasukulu panu ndi iti, ndipo inamangidwa chaka chanji. Kafunseni agogo ngati anayamba kulemba pamchenga kapena pasileti, belu lawo linali la chiyani, anawaphunzitsa ndani. Lembani mayankhowo m'kope, ndi dzina la wokuuzani ndi tsiku lake, monga amachitira ogwira ntchito yosunga mbiri. Kenaka mu Okutobala, mvula isanagwe, zungulirani bulokoyo muli awiri kapena atatu. Mukaona kuwala kukulowa palata, mng'alu pakhoma kapena kanjira kadothi ka chiswe kakukwera kudenga, kawauzeni aphunzitsi tsiku lomwelo kuti nawo akafikitse ku komiti ya sukulu.