Thumba la Mpweya M'motoka Lifuna Lamba

Nyengo yokolola ikatha, alimi ambiri amakhala pamseu, kutengera matomato, kabici ndi nkhuku kumsika. Ena mwa inu mwagula kale motoka yakale yocokera ku Japan. Mukayang'ana pa ciongolero cake, kapena kutsogolo kwa mpando wa wokwera, mudzaona zilembo zakuti SRS AIRBAG. Kuseri kwa zilembozo kuli thumba lopindika bwino, lodikira tsiku la ngozi.

Motoka ikagunda cinthu ndi kuima mwadzidzidzi, tizipangizo tomva kugundako timatumiza magetsi ku kabotolo kacitsulo komwe muli mankhwala. Mankhwalawo amayaka ndi kutulutsa mpweya wodzaza thumba. Zonsezi zimatha musanaphethire n'komwe, ndipo thumbalo limatuluka pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola. Likangofufuma limayamba kuphwa kudzera m'timabowo take, kuti mutu ndi cifuwa zigwere pofewa.

Liwiro lomwelo ndilo lingavulaze. Thumba linapangidwira munthu wamkulu wokhala moongoka, womanga lamba. Wosamanga lamba amaponyedwa kutsogolo, n'kukumana ndi thumba lidakali kuphulika. Cifukwa cake woyendetsa asiye mpata wa masentimita 25 pakati pa cifuwa ndi ciongolero, ndipo wokwera asaike mapazi pa dashibodi.

Amene ali pangozi koposa ndi ana. Mayi wofukata khanda pampando wakutsogolo amaona ngati manja ake ndi linga, koma pa kugunda palibe dzanja lingagwire mwana, ndipo iye ndiye woyamba kumenyedwa ndi thumba. Ana osakwana zaka 13 akhale kumbuyo, atamangidwa lamba. Ngati motoka yanu ilibe mipando yakumbuyo, ndi bwino khanda litsale kunyumba koposa kuyenda nalo pamiyendo.

Ogula motoka zakale asamalenso izi. Mukaliza injini, kanyali ka airbag kamayaka kwa masekondi ocepa n'kuzima. Kakapitiriza kuyaka, kapena kakapanda kuyaka konse, pitani kwa makanika. Thumba lophulika kale silibwezedwa m'malo, limafuna latsopano.

Alimi mudziwa mmene feteleza amaumira mibulu akakhala pacinyezi. Kampani ya Takata ya ku Japan inaika ammonium nitrate m'matumba ake, ndipo kutentha ndi cinyezi zinaononga mankhwalawo. Timabotolo tina tinkasweka pophulika, zidutswa za citsulo n'kulasa anthu. Motoka mamiliyoni ambiri za Toyota, Honda, Nissan ndi Mazda zinaitanidwa kuti zikonzedwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Pitani ndi nambala ya casisi kwa ogulitsa motoka za mtundu wanu, akuuzeni ngati yanu inali m'gulu limenelo.

Moyo tinabwerekedwa ndi Mulungu. Musanalize injini, onani kuti aliyense wamanga lamba ndipo ana ali kumbuyo.