Sikimu ya Likangala ikuonetsa mfundo zofunika pa mgwirizano wa mabungwe

Zomba, Mana: Sikimu ya mpunga ya Likangala, yomwe ili m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, yakhala ikuyenda mothandizidwa ndi migwirizano ya boma, maiko akunja, mabungwe ndi alimi kwa zaka zoposa 50. Mbiri ya sikimuyi ikuonetsa kuti pangano la pakati pa mabungwe limakhalitsa pokhapokha likafotokoza momveka bwino mwini wake wa chitukuko, ntchito ya mbali iliyonse, komanso chomwe chidzachitike tsiku lomwe wopereka thandizo adzachoke.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma chifukwa ndiwo amalemba, kuunika ndi kusainira zikalata zotere. Kuchokera pomwe lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka mphamvu zoyendetsera chitukuko ku makhonsolo, mabungwe ofuna kugwira ntchito m'boma lililonse amayembekezeka kufotokoza mapulani awo ku khonsolo asadapite kumudzi. Nalo lamulo la mabungwe omwe si aboma la 2000 lidanena kuti bungwe lofuna kulembetsa lizionetsa umboni woti lagwirizana ndi unduna womwe umayang'anira ntchito zomwe likufuna kuchita.

Chikalata chomwe chimagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi chomvana, chomwe m'maofesi ambiri chimadziwika kuti MoU. Chikalatachi n'chosiyana ndi kontirakiti. Kontirakiti imamanga mbali zonse pamaso pa khoti, ndipo woiphwanya akhoza kulamulidwa kulipira. Chikalata chomvana nthawi zambiri chimangofotokoza cholinga ndi momwe mbali ziwirizo zigwirire ntchito limodzi, moti mphamvu yake imagona pa mfundo zomwe osainirawo agwirizana kutsatira. Mfundozo zikakhala zosamveka, chikalatacho chimathera m'fayelo.

Mbiri ya sikimu

Likangala ndi imodzi mwa masikimu 16 a ulimi wothirira a alimi ang'onoang'ono omwe boma lidakhazikitsa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ili ndi malo oposa mahekitala 400 ndipo madzi ake amapatutsidwa mumtsinje wa Likangala, womwe umachokera kuphiri la Zomba, n'kudutsa mumzinda wa Zomba usadakathire m'nyanja ya Chilwa. Alangizi ochokera ku Taiwan adathandiza kwambiri pophunzitsa alimi kalimidwe ka mpunga wothirira.

Nthawi imeneyo boma ndilo linkayendetsa zonse. Malo adali m'manja mwa boma, ndipo mlimi ankapatsidwa puloti ndi komiti yogawa malo, yomwe idalinso ndi mphamvu yomulanda akapanda kutsatira malangizo. Boma linkakonza ngalande, kupereka ngongole ya zipangizo, ndipo Admarc inkagula mpunga. Mlimi adali wolandira malangizo chabe, ndipo sankafunsidwa za momwe sikimu iyendere.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1990. Gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe mamembala ake ena adakhazikika m'masikimu, lidalandidwa zida mu Disembala 1993. Ndondomeko yakale ya ngongole za alimi idagwa, ndalama zoyendetsera masikimu zidachepa, ndipo ngalande zambiri zidakwiririka ndi matope ndi udzu.

Pofuna kukonza zinthu, boma lidakhazikitsa ndondomeko ya ulimi wothirira ya 2000 ndi lamulo la ulimi wothirira la 2001. Ndondomekoyi idati masikimu a boma akonzedwe kaye, kenako aperekedwe m'manja mwa mabungwe a alimi olembetsedwa mwalamulo, omwe azilipira okha ntchito yoyendetsa ndi kusamala sikimu tsiku ndi tsiku. Mabungwewa ndi omwe amadziwika kuti ma WUA, kutanthauza mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi.

Mu 2006 idayamba pulojekiti ya IRLADP, yomwe idalandira madola 40 miliyoni a ku America kuchokera ku World Bank ndi madola 8 miliyoni kuchokera ku bungwe la IFAD. Mwa ntchito zake padali kukonzanso masikimu anayi a boma, omwe ndi Likangala ku Zomba, Muona ku Nsanje, Nkhate ku Chikwawa ndi Limphasa ku Nkhata Bay, ndi kukonzekeretsa alimi kuti awayendetse okha.

Mfundo zomwe maiko ndi mabungwe adamvana

M'zaka zomwezo maiko ndi mabungwe padziko lonse adali kukambirana za momwe migwirizano yachitukuko iyenera kuyendera. Mu Malichi 2005 maiko opereka ndi olandira thandizo adakumana ku Paris ndipo adamvana mfundo zisanu: dziko lolandira likhale mwini wa mapulani ake, othandiza atsatire mapulaniwo, othandiza agwirizanitse ntchito zawo, aliyense aziyang'ana zotsatira, ndipo mbali zonse ziziyankha pa zomwe zidalonjeza.

Mu Julaye 2007 nthambi za United Nations, mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent pamodzi ndi mabungwe omwe si aboma adavomereza ku Geneva mfundo zinanso zisanu zoyendetsera mgwirizano pakati pawo. Mfundozi ndi kulemekezana ngati ofanana, kuchita zinthu poyera, kuyang'ana zotsatira, kukwaniritsa udindo, ndi kudalirana molingana ndi luso la aliyense. Ngakhale zidalembedwera ntchito yothandiza anthu pa nthawi ya ngozi, mabungwe ambiri amaziika m'zikalata zawo zomvana. Zomwe zidachitika ku Likangala zikuthandiza kumvetsa tanthauzo la mfundozi zikafika pamunda.

Kuchita zinthu poyera

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri awiri, Anne Ferguson wa ku Michigan State University ndi Wapulumuka Mulwafu wa ku Chancellor College, adachita kafukufuku m'masikimu a Likangala ndi Domasi. Adapeza kuti alimi ambiri sankadziwa bwino chomwe kuperekedwa kwa sikimu kunkatanthauza. Ena ankaganiza kuti mapuloti akhala awoawo, ena ankati malo abwerera kwa mafumu, pomwe ena ankati adzakhala a bungwe la alimi. Padalinso mafumu ndi mabanja omwe adayamba kunena kuti malowo adali a makolo awo boma lisadawatenge.

Izi zikuonetsa kuti kuchita zinthu poyera sikuthera pa kuonetsana malipoti a ndalama pakati pa maofesi. Pangano liyenera kunena mosabisa kuti chomwe chikuperekedwa n'chiyani, kaya ndi malo, ngalande, kapena mphamvu yoyendetsa chabe, komanso kwa zaka zingati. Funso la umwini likasiyidwa lopanda yankho, aliyense amadzipezera yankho lomukomera, ndipo mkangano umabuka ndalama zitalowa kale m'chitukukocho.

Kulemekezana ngati ofanana

Boma ndi bungwe la alimi sizifanana mphamvu. Boma lili ndi akatswiri a malamulo, mainjiniya ndi ndalama, pomwe bungwe la alimi limadalira atsogoleri osankhidwa omwe amagwira ntchitoyo modzipereka. Mfundo ya kufanana ikufuna kuti mbali yochepa mphamvu imve zomwe ikusainira ndipo ikhale ndi ufulu wopempha kuti ndime zina zisinthidwe.

N'chifukwa chake bungwe la alimi liyenera kulembetsedwa mwalamulo lisadasaine, kuti lithe kukhala ndi akaunti kubanki, kusunga katundu ndi kudandaula m'dzina lake. Chikalata cholembedwa m'Chingerezi chokha chiyenera kumasuliridwa ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa mamembala onse, amayi ndi abambo, asadachivomereze. Siginecha ya wapampando payokha siitanthauza kuti alimi oposa chikwi amva ndipo avomera.

Kukwaniritsa udindo

Mfundo ya udindo imati bungwe lisalonjeze ntchito yomwe lilibe ndalama kapena luso loigwirira. Pa sikimu ngati Likangala ntchito zili pawiri. Pali zing'onozing'ono za chaka ndi chaka, monga kulambula ngalande, kuchotsa matope, kugawa madzi mosinthana ndi kutolera ndalama ya madzi, zomwe alimi angakwanitse. Palinso zikuluzikulu, monga kumanganso malo opatutsira madzi mumtsinje kapena ngalande yaikulu ikagumuka, zomwe zimafuna makina ndi mainjiniya.

Chigwa cha Chilwa chimakumana ndi madzi osefukira kawirikawiri. Zomba idali limodzi mwa maboma 15 omwe adakhudzidwa ndi kusefukira kwa madzi mu Januwale 2015, ndipo namondwe wa Freddy adaononganso zambiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Pangano lomwe silinena yemwe adzalipire ntchito yaikulu ikaonongeka limasiya alimi ndi ofesi ya ulimi wothirira akulozana zala nyengo yodzala ikudutsa. Ndime yosiyanitsa ntchito yaing'ono ndi yaikulu, yotchula mbali yomwe ili ndi udindo pa iliyonse, ndiyo imateteza zimenezi.

Kudalirana

Madzi omwe amafika ku Likangala amakhala atadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mtsinje wa Mulunguzi, womwe umathira mu Likangala, uli ndi damu lomwe bungwe la Southern Region Water Board limatengako madzi a mzinda wa Zomba. Kumunsi kwake kuli minda ikuluikulu ndi alimi a madimba omwe nawonso amatunga madzi mumtsinjewo. M'chilimwe madzi amachepa, ndipo mlimi yemwe puloti yake ili kumapeto kwa ngalande ndiye amayamba kuvutika. Otsalawo amakathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe asodzi a matemba, makumba ndi milamba amadalira.

Choncho pangano la boma ndi alimi a sikimu lokha silingathetse vuto la madzi. Lamulo la madzi la 2013, lomwe lidakhazikitsa National Water Resources Authority, limafuna kuti opatutsa madzi ochuluka akhale ndi chiphaso, ndipo limapereka mwayi wokhazikitsa makomiti osamala madera omwe mitsinje imachokera. Mgwirizano wabwino umayenera kugwirizana ndi malamulowa ndi kutchula onse omwe akukhudzidwa ndi mtsinjewo.

Chitsanzo cha kugawana ntchito molingana ndi luso chidaoneka mu pologalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, yomwe idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Pologalamuyi idayendetsedwa ndi mabungwe atatu: LEAD Southern and Eastern Africa, lomwe lidali ku Chancellor College, WorldFish, lodziwa za nsomba, ndi Forestry Research Institute of Malawi, loona za kafukufuku wa nkhalango. Bungwe lililonse lidabwera ndi ukatswiri womwe anzake adalibe.

Kuyang'ana zotsatira

Malipoti ambiri amawerenga misonkhano yomwe yachitika ndi anthu omwe aphunzitsidwa. Pa sikimu, zotsatira zenizeni ndi kuchuluka kwa mahekitala omwe alimidwa m'dzinja ndi m'chilimwe, matumba a mpunga omwe atuluka pa hekitala, alimi omwe alipira ndalama ya madzi, komanso ngati madzi afika kwa a kumapeto kwa ngalande. Zoyezera zotere ziyenera kulembedwa m'chikalata pachiyambi pomwe, pamodzi ndi nthawi yomwe mbali zonse zizikumana kudzaziunika.

Wothandiza akachoka

Phunziro lalikulu la m'dera la Chilwa likukhudza kutha kwa mgwirizano. Nyanjayi italowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar mu Novembala 1996, dziko la Denmark, kudzera m'bungwe lake la Danida, lidathandiza pulojekiti yosamala dambo la Chilwa ndi mitsinje yake, yomwe idatulutsa pulani yoyendetsera derali mu 2001. Mu 2002 Denmark idasiya kupereka thandizo lachitukuko ku Malawi, pulaniyo itangotuluka kumene. Chimodzimodzinso, Malawi itakhazikitsa ubale ndi dziko la China mu Disembala 2007, ubale ndi Taiwan udatha ndipo akatswiri ake adachoka m'dziko muno.

Zifukwa za kuchoka kwa maiko awiriwa sizidachokere kwa alimi kapena asodzi a ku Chilwa, koma iwo ndi omwe adatsala ndi ntchito. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo wolemba pangano ayenera kukumbukira zimenezi pa tsiku losaina.

Pachifukwachi, chikalata chomvana chiyenera kunena nthawi yomwe mbali yofuna kuchoka ipereke chidziwitso, yemwe adzatenge galimoto, makina ndi nyumba, komwe mapu, malipoti ndi kaundula wa mapuloti zidzasungidwe, ndi ofesi yomwe idzapitirize ulangizi. Chiyeneranso kufotokoza njira yothetsera kusamvana, kuyambira ku komiti ya bungwe la alimi, kupita kwa mafumu ndi komiti ya chitukuko ya m'dera, mpaka ku khonsolo, nkhani isadafike kukhoti.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo si yakuya. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo gawo lalikulu lidaumanso mu 2018. M'zaka zotere madzi a mumtsinje wa Likangala amafunidwa ndi mzinda, alimi a madimba, sikimu ndi asodzi pa nthawi imodzi, ndipo ndi pomwe aliyense amatulutsa chikalata chake kuti aone chomwe chidalembedwa. Ndi udindo wa akuluakulu a m'maunduna ndi m'makhonsolo kuonetsetsa kuti mayankho a mafunsowa alembedwa madzi akadalipo, asadaike siginecha ndi chidindo cha boma pa pangano lililonse.