Dziwe latsopano: musathamangire kuikamo nsomba

Alimi anzanga, sabata ino ndikufuna tikambirane za dziwe la nsomba limene langokumbidwa kumene. Kukumba dziwe ndi ntchito yowawa. Munthu amatha mwezi wathunthu kapena kupitirira ali ndi khasu, fosholo ndi wilibala, ena mpaka kugulitsa mbuzi kuti alipire aganyu. Ndiye madzi akangodzaza, mtima umakhala uli dyokodyoko kufuna kuona nsomba zikusambiramo tsiku lomwelo. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama zawo, chifukwa mbewu ya nsomba imene yaikidwa m'dziwe losakonzeka imafa, kapena imangokhala yonyentchera mpaka nthawi yokolola.

Mfundo yanga ndi imodzi: dziwe likadzaza madzi sindiye kuti lakonzeka. Madzi aja ayenera kuyamba apsa, ndipo kupsa kwake kumatenga pafupifupi masabata awiri.

Madzi oyera alibe chakudya

Pakhomo timakonda madzi oyera mbee. Koma kwa makumba ndi chambo, madzi otere ali ngati nkhokwe yopanda chimanga. Chakudya chenicheni cha nsombazi, makamaka zikadali zazing'ono, ndi tindere ting'onoting'ono toyandama m'madzi pamodzi ndi tizilombo timene timadya tinderet. Kamodzi pakokha sikaoneka ndi maso, koma tikachuluka madzi amasanduka obiriwira. Madeya amene timathira amangowonjezera pa chakudya chimenechi.

Dziwe latsopano lilibe zimenezi. Pansi pake pali dothi lam'kati lopanda chonde, pakuti lachonde lija tidalichotsa pokumba. Kuika tiana ta nsomba m'menemo n'chimodzimodzi kutsekera anapiye m'khola mopanda gaga.

Poizoni wosaoneka

Vuto lachiwiri ndi lobisika. Nonse mumadziwa fungo lija loswa mphuno ndi kulowa m'maso mukalowa m'khola la nkhuku losasesa. Fungo limenelo ndi la amoniya. Nsomba nayo imatulutsa amoniya, makamaka kudzera m'makha momwe imapumira. Zakudya zotsala ndi manyowa zikamaola pansi pa dziwe zimatulutsanso amoniya yemweyo. Ng'ombe ikakodza, mkodzo umalowa pansi. Nsomba ilibe kothawira: imasambira ndi kupuma m'madzi omwewo.

Amoniya akachuluka amaononga makha, nsomba imasiya kudya, imafooka, kenaka imafa. Ukali wake umakula madzi akatentha, ndiponso masana dzuwa likamapendeka.

Mwayi ulipo ndi wakuti m'madzi ndi m'matope mumakhala tizilombo tina tothandiza, mabakiteriya, timene timagwira ntchito molandizana. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Koma nitrite nayenso ndi poizoni: amalowa m'magazi a nsomba n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya wabwino, moti magaziwo amasanduka odera. Gulu lachiwiri ndi limene limatsiriza ntchito posandutsa nitrite kukhala nitrate, mchere womwe uja umapezeka mu feteleza wa CAN. Umenewu suvuta nsomba kwenikweni, ndipo ndere zimaudya ngati momwe chimanga chimadyera feteleza.

Chovuta n'chakuti mabakiteriya othandizawa ndi aulesi pa kuswana. Amene amasasitsa thobwa kapena kuoletsa ndiwo amachulukana m'maola ochepa, pomwe awa amatha pafupifupi tsiku lathunthu kuti mmodzi akhale awiri. N'chifukwa chake madzi atsopano safuna phuma.

Zimene amachita oweta nsomba m'magalasi

Kuti timvetse bwino, ndikufuna tione anthu ena amene amaweta nsomba mosiyana ndi ife. Kumaiko a ku Ulaya, ku America ngakhalenso ku South Africa, anthu ambiri amasunga nsomba m'matanki agalasi m'nyumba zawo, osati zandiwo koma zokongoletsa pabalaza. Ena amasunga mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi. Ena amasunga nsomba za m'nyanja zamchere pamodzi ndi makorale, tinyama tam'nyanja timene timaoneka ngati miyala yamaluwa. Awa amachita kusungunula mchere wapadera, pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, kuti madzi afanane ndi a m'nyanja yaikulu.

Nsomba zimenezi n'zodula kwambiri, choncho eni ake sachita zongoyerekeza. Akagula thanki yatsopano amaikamo madzi, mchenga ndi miyala, n'kuyatsa pampu yozungulitsa madzi, koma nsomba ayi. Amangoponyamo kachakudya pang'ono kuti kaole, kapena madontho a amoniya, kuti mabakiteriya aja apeze chodya. Ndiye masiku angapo aliwonse amayeza madziwo ndi timankhwala tosintha mtundu.

Zimene amaona n'zimodzimodzi nthawi zonse. Masiku oyamba amoniya amakwera. Kenaka amayamba kutsika, nitrite n'kukwera. Pambuyo pake nitrite nayenso amatsika, nitrate n'kuonekera. Zonsezi zimatenga masabata 4 mpaka 6. Pokhapokha amoniya ndi nitrite zikafika pa 0 ndi pamene amaikamo nsomba, nazonso imodzi kapena ziwiri zokha. Amadikira masabata ena asanawonjezere, kuti mabakiteriya achulukane molingana ndi zonyansa zimene zawonjezekazo. Nsomba yogula kumene amayamba aisunga payokha kuopa kuti ingabwere ndi matenda.

Ife tili ndi mwayi umene iwo alibe. Dziwe lathu lili ndi dothi, lili padzuwa, ndipo manyowa tili nawo m'khola. Tindere tobiriwira tija timayamwa amoniya mwachindunji, kuthandizana ndi mabakiteriya a m'matope. N'chifukwa chake ife sitidikira mwezi ndi theka. Koma phunziro lake ndi lomwelo: zamoyo zosaoneka ziyambe zakhazikika, nsomba zibwere pambuyo, ndipo zibwere pa mlingo wake.

Kukonza dziwe

Ndipereka chitsanzo cha dziwe la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, limene limakwana masikweya mita 200, lakuya pafupifupi mita imodzi, kozama kwake n'kupitirirako pang'ono.

Choyamba, dziwe lisanalowe madzi, tsinderani bwino pansi ndi m'zipupa, ndipo chotsani mizu ndi zitsa. Ngati dothi lanu ndi lowawasa, monga limakhalira m'madambo ambiri ndi m'madera a dothi lofiira, wazani laimu wa ulimi. Mlingo woyambira ndi magalamu 100 pa sikweya mita, ndiye kuti makilogalamu 20 pa dziwe lathuli. Laimu akasowa, phulusa la nkhuni limathandizako. Laimu womangira nyumba ndi waukali; musamuthire m'dziwe muli nsomba.

Chachiwiri, mangani sefa kapena kaukonde kamaso aang'ono pa paipi kapena ngalande yolowetsera madzi. Mlamba mmodzi wolowa mozemba akhoza kutha tiana tanu tambirimbiri inu osadziwa.

Chachitatu, lowetsani madzi pang'onopang'ono, kuyamba ndi ofika m'mawondo. Dziwe latsopano limamwa madzi ambiri masiku oyamba. Zikani kamtengo m'madzi n'kuikapo chizindikiro kuti muziona mmene akutsikira tsiku ndi tsiku. Kudontha kumakonzeka msanga dziwe lisanakhale ndi nsomba.

Chachinayi, patatha sabata chithirireni laimu, ikani manyowa. Zitosi za nkhuku ndizo zamphamvu kwambiri; makilogalamu 10 pa sabata ndi poyambira pabwino pa dziwe la masikweya mita 200. Manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe amafunika ochulukirapo. Mangani kakhola ka timitengo pakona ya dziwe, pafupi ndi polowera madzi, n'kumaika manyowawo m'menemo, kapena aikeni m'thumba lomangidwa pachikhomo. Muzivundula tsiku lililonse kuti mphamvu yake izisungunukira m'madzi.

Chachisanu, dzazani dziwe, ndipo likadzaza tsekani madzi. Alimi ena amasiya madzi akulowa uku akutuluka usana ndi usiku poganiza kuti nsomba zimakonda madzi oyenda. Potero chonde chonse chimapita kumtsinje, ndipo dziwe silibiriwira. Muzingowonjezera amene aphwa basi.

Mudziwa bwanji kuti madzi apsa?

Simufunika chida chogula. Chida ndi mkono wanu. Dzuwa likakwera, pisani mkono m'madzi chikhatho chitayang'ana kumwamba. Madzi akafika m'chigongono, ndiye kuti pafupifupi masentimita 30, chikhatho chiziyamba kusaoneka chifukwa cha kubiriwira. Ngati chikuonekabe mpaka mkono wonse kulowa, madzi sanapse. Wonjezerani manyowa ndipo dikirani. Ngati chikusowa madzi asanafike ndi pakati pa mkono pomwe, manyowa achuluka. Lekani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano pang'ono.

Chenjerani ndi madzi ofiira kapena otuwa chifukwa cha matope. Nawonso amabisa chikhatho, koma m'menemo mulibe chakudya, ndipo amatchinga dzuwa limene ndere zimafuna. Dzalani udzu m'zipupa ndipo patutsani madzi a mvula ochokera kumunda.

M'nyengo yotentha kubiriwiraku kumafika pakatha sabata imodzi kapena awiri chiikireni manyowa. M'miyezi yozizira ya June ndi July kumachedwerapo. Komanso musadikire miyezi. Dziwe lokhalitsa lopanda nsomba limadzaza ndi achule, ambululu ndi tizilombo tolusa tam'madzi timene timagwira tiana ta nsomba. Choncho panganani ndi wogulitsa mbewu nthawi ikadalipo kuti tsiku lotenga ligwirizane ndi kupsa kwa madzi.

Kugula ndi kuika mbewu

Kwa mlimi wodalira manyowa ndi madeya, ine ndimati nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita n'zokwanira. Pa dziwe lathu lija ndiye kuti 400 mpaka 600. Kuika 2,000 sikuchulukitsa ndiwo. Chakudya n'chomwecho, mpweya ndi womwewo, koma zonyansa zawonjezeka kanayi. Mapeto ake mumakolola tinsomba tonga matemba. Kumbukiraninso kuti makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, ndiye pakatha miyezi yochepa dziwe limakhala ndi nsomba zoposa zimene mudaika.

Sankhani tiana tofanana msinkhu, totalika ngati chala, tochangamuka, topanda zilonda. Mu 2020 matenda a zilonda a nsomba otchedwa EUS adapezeka koyamba m'dziko muno, m'boma la Mchinji, ndipo njira imodzi imene amafalira ndi kusamutsa nsomba, madzi ndi maukonde kuchokera kumalo ena. Musatole mbewu kumtsinje kapena kugula kwa munthu wongodutsa. Funsani alangizi a za nsomba a m'boma lanu kuti akulozereni alimi odalirika, kapena malo a boma monga a ku Domasi m'boma la Zomba, kumene kafukufuku wa ulimi wa nsomba adayamba kale m'zaka za m'ma 1950. Wetani nsomba zathu zomwe, makumba, chambo ndi chilunguni. Malamulo saloleza kubweretsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Safunsa adadya phula.

Nsomba zoti ziyende ulendo zisadye tsiku lathunthu zisananyamuke, kuti zisaipitse madzi a m'chidebe. Nyamulani m'mamawa kusanatenthe, musazithithikize, ndipo ulendo ukatalika sinthani madzi ena panjira.

Mukafika padziwe musangokhuthula. Madzi a m'chidebe ndi a m'dziwe amasiyana katenthedwe, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumapha nsomba, zina tsiku lomwelo, zina patapita masiku awiri kapena atatu. Ikani chidebe kapena thumba lapulasitiki lija m'dziwe liyandame kwa mphindi 15 mpaka 20. Kenaka muzithiramo madzi a m'dziwe pang'onopang'ono, potsiriza pendeketsani kuti nsomba zituluke zokha. Werengani ndipo lembani m'kope tsiku ndi chiwerengero chake.

Mwezi woyamba

Tsiku loyamba musadyetse. Kuyambira tsiku lotsatira, perekani madeya olemera magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwa nsomba zonse. Tiana 600 ta magalamu 10 kamodzi timalemera makilogalamu 6, choncho madeya ake ndi magalamu 300 patsiku, theka m'mawa dzuwa litakwera, theka madzulo, pamalo amodzimodzi. Ambiri amaona ngati n'zochepa n'kumathira beseni lonse. Madeya otsala amamira, amaola, amatha mpweya ndi kutulutsa amoniya uja. Ngati mukuweta chilunguni, muziponyamonso masamba ofewa monga a mbatata.

Nthawi yabwino yoyendera dziwe ndi m'bandakucha, chifukwa ndi pamene mpweya umakhala wochepetsetsa. Masana ndere zimatulutsa mpweya wabwino, koma usiku nazonso zimapuma limodzi ndi nsomba. Mukapeza nsomba zambiri zili pamwamba kukamwa kuli yasa, ndipo sizikumira ngakhale dzuwa latuluka, lekani kudyetsa, chotsani thumba la manyowa, lowetsani madzi atsopano ndipo itanani alangizi. Nsomba yakufa ichotseni msanga n'kuikwirira kutali ndi dziwe. Lambulaninso tchire lozungulira kuti akatumbu ndi ng'azi asapeze pobisala.

Kuchokera tsiku loika mbewu kufika pokolola pamatenga pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi m'nyengo yotentha. Masabata awiri odikira kuti madzi apse ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi imeneyo, ndiponso poyerekeza ndi ndalama zogulira mbewu kachiwiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu amene mwatsiriza kukumba, yambani lero kusonkhanitsa manyowa, pisani mkono m'madzi, ndipo mupite kukatenga mbewu chikhatho chikayamba kusaoneka.