ZISUMBU ZA KU KARIBA NDI ALENDO OWEDZA NSOMBA

Abale athu a m'migodi ya ku Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, ndi inu a m'mapulazi, kapena munamvapo za Fothergill ndi Spurwing, zisumbu ziwiri za m'nyanja ya Kariba kumene alendo a cuma amanka kukawedza nsomba. Ife tati tikuuzeni ciyambi cace, pakuti mbiriyi itikhudza ife tonse.

Kale izi sizinali zisumbu ai. Zinali zitunda za m'cigwa ca Zambezi, dziko la Atonga. M'caka ca 1955 inayambika nchito yomanga khoma lakucinga mtsinjewo, ndipo mwa anchitowo munali anthu ambiri a kwathu ku Nyasaland. Anthu 86 anafera pa nchitoyo. Khoma litatsekedwa mu December 1958, madzi anayamba kukwera, namiza minda, midzi ndi manda omwe. Atonga ngati 57,000 anasamutsidwa, ambiri a iwo kunka ku malo ouma, kutali ndi mtsinje wao.

Nyama za m'thengo zinathawira pamwamba pa zitunda, madzi nazizinga. Pamenepo Rupert Fothergill, woyang'anira nyama wa Boma, anatenga anyamata ace ndi mabwato, ndipo pofika 1964 anali atapulumutsa nyama zoposa 6,000: zipembere, nswala, njiri, ngakhale njoka. Poona kuti zingwe zirikuceka miyendo ya nyama, anapota zina ndi masokosi ofewa a akazi. Cifukwa cace cisumbu cimodzi cinalandira dzina lace.

Pambuyo pace anthu ena anamanga misasa ya alendo pazisumbupo. Cimene cikoka alendowo ndico nsomba ya mano akuthwa imene a ku Zambezi amati mceni, Azungu namati tiger fish. Ikameza mbedza imalumpha m'mwamba ndi ukali, ndipo kawiri kawiri imadula cingwe nkuthawa. Mpikisano wakuwedza nsombayi unayamba mu 1962. Mu 1967 anathiramo kapenta wocokera ku nyanja ya Tanganyika, yemweyu timadyera nsima m'komboni, ndipo mceni nayenso anapeza cakudya cambiri.

Koma mlendo sadziwa pogona nsomba. Woyendetsa bwato pakati pa mitengo youma iri ciriri m'madzimo, wodziwa pobisala mvuu ndi ng'ona, wophika ndi wocapa, ndiwo anchito onga ife, ngakhale maina ao samveka.

Nafenso tidalira nyanja yomweyo, popeza magetsi ambiri a m'migodi yathu acokera ku khomalo. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi, midzi yathu inakhala mumdima maora ambiri tsiku ndi tsiku.

Tsono, abale, mukadzamva munthu alikutama kukoma kwa zisumbuzo, mumvomereze ndithu, pakuti nzokongoladi. Koma mumuuzenso kuti pansi pa bwato lace pagona makolo a Atonga, ndi kuti khoma losunga madziwo linamangidwa ndi manja a abale athu, ena a iwo osabwerera kwao.