Mpata wa Mano a Mwana Wanu: Musathamangire Kuutseka

Mano oyamba a mwana akathothoka, awiri akutsogolo nthawi zambiri amamera motalikirana. Anzake kusukulu amamuseka, makolo n'kuyamba kufunsa za mawaya owongolera mano.

Dekhani kaye. Mwa ana ambiri mpata wotere umatsekeka wokha mano osongoka am'mwamba akamera, mwana ali ndi zaka 11 kapena 12.

Dokotala wowongola mano sayang'ana mpata wokhawo. Amauza mwana kuti amwetulire, mwinanso n'kumujambula. Amaona kukula kwa nkhama zomwe zikuonekera, ngati nsonga za mano am'mwamba zikutsata kupindika kwa mlomo wam'munsi, ndiponso ngati pakati pa mano awiriwo palunjikana ndi mphuno. Kenako amamuuza kuti alume, aone ngati mano akukumana bwino potafuna. Kwa ine chachikulu ndi chimenechi. Za kukongola, kwathu kuno ambiri amachita kuusirira mpatawo, ndiye ngati mwana akuukonda, auzeni adokotala asanayambe chilichonse.

Koma chonde musalole mwana kumanga mano ndi kalabala kuti ayandikane. Kalabalako kamatsetserekera m'kati mwa nkhama osaoneka, n'kuwononga fupa logwira mano, mpaka onse awiri kugwedera ndi kuthothoka.