Injini ya boti ikakana kulira, musathamangire kabokosi kakuda

Kuno ku Chama injini ya boti imagona nthawi yaitali kuposa imene imagwira ntchito. Kuyambira Juni mpaka Novembala Luangwa amaphwa, mchenga umayala pamtunda, ndipo injini imatsamiritsidwa kukhoma m'nyumba yosungira katundu. Mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale, misewu ya kwa Tembwe, kwa Chikwa ndi kwa Chifunda ikaduka, ndi pamene anthu amaikumbukira, chifukwa pali wodwala woti awoloke kapena ufa woti ufike kutsidya. Munthu amakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini ili chete. Akabwera kwa ine mawu ake amakhala amodzi: "A makaniko, CDI yapsa, tiitanitse ina ku Chipata."

Ndimakana kuyambira pamenepo. Kabokosi kakuda kameneka n'kodula kuposa zida zonse zopereka moto, sikamatsegulidwa, ndipo wogulitsa sakalandiranso mukakamanga pa injini. Komanso pa injini zimene zadutsa m'manja mwanga, kamapezeka kolakwa mwa apo ndi apo.

Tiyeni tione kumene moto umachokera. Injini zambiri zimene ndimakonza ndi Yamaha Enduro zosakaniza petulo ndi oyilo, za mahatchi 15, 25 kapena 40, ndipo sizifuna batire. Pansi pa chingwe chokokera pali gudumu lolemera, flywheel, lokhala ndi maginito m'kati. Mukakoka chingwe, maginitowo amadutsa pa koyilo ndi kupanga magetsi a mavoti mazana angapo. Kabokosi kaja kamawasunga. Kenako kakoyilo kena kakang'ono, pulser, kamakauza kuti pisitoni yafika pamwamba, ndipo kabokosiko kamawatulutsa onse nthawi imodzi kupita ku koyilo ya pulagi. Imeneyo imawakweza kufika mavoti zikwizikwi, moto n'kudumpha pakamwa pa pulagi. Ndi unyolo, ndipo ukhoza kuduka pamfundo iliyonse.

Choyamba kudziwa n'chakuti vuto ndi motodi kapena ndi mafuta. Petulo wogona mu kabureta chilimwe chonse amauma n'kusiya zomata zotseka timabowo, ndipo petulo wa m'zigubu nthawi zina amabwera ndi madzi. Masulani pulagi mutakoka kangapo. Ikakhala youma, mafuta sakufika. Ikakhala yonyowa ndi petulo, mafuta alipo koma sakuyaka. Ikakhala yakuda bii, yomata, oyilo wachuluka. Injini zambiri zamtunduwu zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita ya oyilo m'thanki ya malita 25. Kuthira mongoyerekeza kuti injini "idye bwino" kumapha mapulagi.

Anthu ambiri amagundika pulagi pachitsulo cha injini, n'kukoka, akaona kamoto amati zonse zili bwino. Kuyesa kumeneko kumanamiza. Panja moto umadumpha mosavuta, koma m'kati mwa silinda mpweya umakhala wopanikizika, ndipo moto wofooka umalephera. Pa injini ya CDI ndimafuna moto wobiriwira, wolira kuti tha, wodumpha mpata wa pafupifupi sentimita imodzi pa kachida koyesera. Wofiira ndi wofooka sindiukhulupirira. Poyesa, giya ikhale pakati, petulo wotayika apukutidwe, ndipo musakoke chingwe waya wa pulagi akungolendewera osagunda chitsulo, chifukwa magetsi osowa kolowera ndi amene amaotcha koyilo kapena kabokosi kamene kanali kabwinobwino. Pulagi yatsopano ikhale ya nambala yolembedwa m'buku la injiniyo. Pa mapulagi a NGK, monga B7HS-10, nambala 10 yakumapetoyo ikutanthauza mpata wa milimita imodzi.

Moto ukasowa pa mapulagi onse awiri, ndimapita ku swichi yozimitsira. Imeneyi ntchito yake n'kutaya magetsi kuchitsulo cha injini. Kapulasitiki kake ka chingwe chofiira kakasowa, kapena chinyontho ndi dzimbiri zikalowa m'kati, imakhala ikuzimitsa injini nthawi zonse. Chotsani waya wake: pa Yamaha ndi woyera, pa Johnson, Evinrude ndi Mercury ndi wakuda wa mzere wachikasu. Moto ukabwera, mwapeza wolakwa pamtengo wochepa. Koma chonde musaisiye yochotsa. Pa Luangwa pali mvuu, ndipo woyendetsa akagwera m'madzi, swichi imeneyi ndi imene imaimitsa pulopela. Ndikaona boti lonyamula anthu waya wa swichi atamuchotsa, mtima umandipweteka.

Muyang'anenso mawaya onse, mmodzimmodzi. Makoswe amakonda kumanga chisa pansi pa chivundikiro cha injini yogona, ndipo amatafuna mawaya. Waya wakuda womangidwa pachitsulo akachita dzimbiri, mupaleni ndi sandipepala mpaka awale.

Moto ukakhala pa silinda imodzi yokha, sinthanitsani pulagi, kenako kachipewa kake, kenako koyilo ngati injiniyo ili ndi awiri. Vuto likasamuka, mwaona chimene lasamuka nacho. Koyilo yong'aluka imadziwikanso ndi khalidwe lake: injini imalira bwino ikazizira, ikatentha imazima, mukaidikira imaliranso.

Pali vuto lina limene mtsinje wathu umabweretsa, ndipo limasokoneza ngakhale amakaniko. Madzi a Luangwa ndi odetsedwa, amabisa zitsa, mitengo yokokoloka ndi milu ya mchenga imene imasuntha chaka ndi chaka. Pulopela ikamenya chinthu mwamphamvu, shafiti imaima mwadzidzidzi pamene gudumu lolemera lija likufunabe kuzungulira. Kachitsulo kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi, kamene kamagwira gudumu pamalo ake, kamadulidwa. Moto umakhalapo, wamphamvu ndithu, koma umabwera nthawi yolakwika. Injini imaphulika mu kabureta kapena kukulandani chingwe m'manja. N'chifukwa chake ndimafunsa mwini injini kuti tsiku lomaliza anagunda chiyani. Pochotsa gudumulo mugwiritse ntchito chokokera chake. Hamala imafooketsa maginito ndi kuwononga shafiti.

Za Johnson ndi Evinrude zakale kwambiri, za m'mbuyo mwa 1977, zing'onozing'ono zambiri zilibe kabokosi n'komwe. Pansi pa gudumu pali mapoyinti ndi kondensa. Mapoyinti akachita dzimbiri mumawapala pang'ono n'kuika mpata wa theka la milimita, injini imadzuka. Zida zake zikusowa tsopano, pakuti kampani ya OMC, imene inkazipanga, inagwa mu 2000 ndipo BRP, imene inatenga mainawo, inasiya kupanga Evinrude mu 2020. Choncho injini yakufa yamtunduwu musaigulitse kwa ogula zitsulo musanachotsemo makoyilo ndi gudumu.

Zonsezi zikapezeka zabwino, ndimatenga mita n'kuyeza makoyilo awiri a pansi pa gudumu, kuyerekeza ndi manambala a m'buku la injiniyo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi ake. Magetsi akamalowa m'kabokosi koma osatuluka, swichi itachotsedwa, mawaya ali oyera, pamenepo ndimavomera kuti tiitanitse kena. Potumiza munthu ku Lundazi kapena ku Chipata, mupatseni nambala ya pa kachitsulo ka pa chomangira injini kuboti, chifukwa timabokosi tofanana nkhope timasiyana m'kati.