Banja la Makhdum ndi nyale ya mu mzikiti wa Ponnani

Ophunzira fiqh ya Imam Shafi'i akamatsegula Fath al-Mu'in, ambiri amaganiza kuti bukuli lidalembedwa ku Arabiya. Koma kwawo ndi ku Kerala, chigawo cha kummwera kwa India, pa gombe lomwe amalonda achiarabu ankalitcha Malabar.

Tiyambe ndi agogo ake a mlembiyo. Sheikh Zainuddin Makhdum wamkulu, amene adamwalira mu 1522, adamanga mzikiti waukulu mu tauni ya Ponnani nausandutsa sukulu. Ophunzira omwe afika patali ankaloledwa kukhala mozungulira nyale ya mafuta pamodzi ndi Sheikh, ndipo kukhala pa nyaleyo kudali ngati chiphaso cha maphunziro.

Mdzukulu wawo, wodziwikanso kuti Zainuddin, adakaphunzira ku Makka pamapazi a Ibn Hajar al-Haytami. N'chifukwa chake tikapeza mawu oti shaykhuna mu Fath al-Mu'in, kutanthauza "Sheikh wathu", tidziwe kuti akunena Ibn Hajar. Wophunzira amene sadauzidwe zimenezi amawerenga fatwa osadziwa mwini wake. Sheikh adayamba alemba kabuku kakafupi, Qurrat al-'Ayn, kenaka nadzakatambasula yekha, ndipo kutambasulako ndiye Fath al-Mu'in. Patapita zaka pafupifupi 300, Sayyid Abu Bakr Shatta adalilembera ndemanga ku Makka, I'anat al-Talibin, yomwe ndiyo aphunzitsi amatsamira akafika povuta. Ife tikuona kuti chidalipatsa moyo bukuli ndi kukula kwake: limadutsa Safinat al-Naja, koma silimiza munthu ngati Tuhfat al-Muhtaj. Motero lidafika ku Java ndi ku madrasa a ku gombe la Aswahili, njira yomweyo imene Chisilamu chidadzera pofika kwathu kuno.

Nthawi yawo sidali ya mtendere. Vasco da Gama adafika ku Calicut mu 1498 atadutsa pa Mozambique ndi Malindi, ndipo Apwitikizi adayamba kulanda zombo ndi kutentha mizikiti. Mbiri imeneyi ili mu Tuhfat al-Mujahidin, buku lomwe nalonso limatchulidwa m'dzina la Zainuddin wamng'onoyu. Chofunika kwa wophunzira malamulo ndi ichi: mfumu ya ku Calicut, Zamorin, idali Mhindu, komabe bukuli likuiyamikira posunga Asilamu ndi kulemekeza swala yawo ya Jumu'a, pamene likudandaula kuti mafumu achisilamu amphamvu adangoyang'ana. Ankhondo a panyanja a Kunjali Marakkar, omwe adali Asilamu, ankamenyera pansi pa mfumu yomweyo.